Nsagwada ya ng'ombe imene ndinamata

Ine ndine kalipentala, ndipo ndinali kalipentala wodzitama. Ndiyambe ndi zimenezo chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwathu ku Kanduku ndinkauza anthu kuti ndikalumikiza matabwa awiri, amene apeze polumikiza pake ndimupatsa mbuzi. Mbuzi sindinaperekepo ngakhale imodzi.

Guluu ndinkaphika ndekha. Woyera wa m'sitolo uja ndinkamunyoza kuti ndi phala la ana. Ine ndinkapita ku Mwanza boma kumene amaphera ng'ombe, n'kutola zidutswa za zikopa ndi ziboda, kuzinyika m'madzi masiku angapo, kenako kuziphika pang'onopang'ono m'chitini mpaka msuzi wake utanata. Akazi anga ankati fungo lake likhoza kuthamangitsa fisi pa nyama. Ankanena zoona, koma guluu ameneyo akagwira wagwira.

Zipani zambiri zitangoyamba kumene, m'chilimwe, kunabwera mayi wina wachitsikana wophunzira za zinthu zakale. Anali Mmalawi mnzathu wa cha ku Thyolo, koma sukulu yake yomaliza ankachitira kunja. Anabwera kudzakumba m'phanga lina la m'phiri la kumtunda kwa mudzi wathu, momwe anthu opita kokadula nsungwi amausamo mvula. Anthu anamuloza kwa ine chifukwa ankafuna masefa atatu osefera dothi ndi mabokosi osungiramo zimene apeze. Anali wamfupi, wa magambutsi aakulu omuposa, ndipo akaseka ankamveka kutsidya kwa mtsinje. Ankanditchula kuti amisiri, ine ndinkati achemwali.

M'mudzi anthu ankati, "Sukulu yonseyi n'kumathera kukanda dothi ndi kasupuni?" Ena ankanong'ona kuti akufuna golide amene Apwitikizi anakwirira. Ine nditapereka masefa sindinabwerere. Ndinakhala kuti ndione ngati masefa anga akugwira bwino, kenako ndinapezeka kuti ndine wosefa. Ndinkasiya ntchito zanga zili pabenchi n'kumakwera phiri m'mawa uliwonse, chifukwa mayiyo ankafotokoza zinthu mosakuchititsa manyazi. Anandionetsa kuti dothi la m'phanga limagona mosanjikizana ngati zovala m'sutikesi, cha pansi ndicho chinaikidwa poyamba. Chilichonse chimene tapeza, kaya phale, kaya kafupa, ankachilembera kapepala konena kuti chachoka pati komanso kuzama bwanji.

Sabata yachisanu dzenje linali litamufika m'chifuwa. Tsiku lina ndinangoona kuti wasiya kuimba. Anali atagwada, akusesa ndi kabulashi, ndipo m'dothi munali kutuluka mano akuluakulu ali pamzere. Anatenga masiku awiri kuti aifukule yonse. Inali nsagwada, yaitali ngati mkono wanga kuchokera m'chigongono, yofiirira, yopepuka, yofumbutuka ukaikhudza.

"Amisiri," anatero, "iyi si njati. Taonani manowa. Iyi ndi ng'ombe yoweta."

Ndinati ng'ombe ndiye ikudabwitsani chiyani, si zili mbwee ku boma?

Anati mabuku amene anawerenga amanena kuti ng'ombe zinafika mochedwa m'mapiri athu ano. Koma iyi yagona pansi penipeni, pansi pa mapale akale kwambiri. Ngati ili yakale monga dothi limene yagonamo, ndiye kuti makolo a kuno ankaweta ng'ombe kale kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Digiri yake yonse ikanaima pa fupa limeneli, ndipo mphunzitsi wake wamkulu wa kunjako anali atamulonjeza kuti akapeza chinthu chogwirika, amusunga kuti apitirize ntchito imeneyi moyo wake wonse.

"Nanga zaka zake mudziwa bwanji?" ndinamufunsa. "Kodi ng'ombeyi inali ndi khadi la kusikelo?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anandifotokozera. Anati chamoyo chilichonse chimalowetsa m'thupi kanthu kena kosaoneka, mtundu wina wa kaboni, kudzera m'zakudya. Ng'ombe imakatenga mu udzu. Kanthuko kamatha pang'onopang'ono, koma ng'ombe ikadali moyo imabwezeretsa tsiku ndi tsiku. Ikafa, kubwezeretsa kwatha. "Zili ngati mtsuko wodontha," anatero. "Mwini wake ali moyo amathiramo madzi. Akamwalira palibe wothiramo. Ukadziwa mmene umadonthera, ukhoza kuyang'ana madzi otsalawo n'kunena kuti mwini wake anamwalira liti." Anati kunja kuli makina oyeza zimenezo, ndipo amayeza m'kanthu konata kamene kamatsalira m'kati mwa fupa.

Ndiye anatichenjeza tonse amene tinali pamenepo. Osasuta fodya pafupi ndi fupalo. Osaligwira ndi manja a mafuta. Osalitsuka ndi sopo. Analikulunga m'pepala lonyezimira lija ngati la m'paketi ya ndudu, n'kulembapo. Za guluu sananene, ndipo n'chifukwa chiyani akananena? Ndani akanaganiza?

Galimoto yake sinkakwera phiri. Zonse zimene tapeza tinkatsikira nazo kwanga, chifukwa shedi yanga inali ndi loko, ndipo galimoto inkabwera kudzatenga. Nsagwadayo ndinaipangira bokosi lakelake la mlombwa, loyala thonje m'kati, lopanda msomali ndi umodzi womwe. Linali Loweruka masana. Iye anati atsala kuphangako mpaka Lolemba kuti ajambule makoma a dzenje asanagumuke, ndiye bokosilo wina atsike nalo wapansi, atalinyamula m'manja.

Ine ndinati, "Achemwali, njira iyi ndatsikamo ndi zitseko zagalasi pa njinga. Ndi fupa lomwe lingandikanike?"

Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anati, "Chabwino amisiri, inu ndiye ndimakudalirani."

Ndinamanga bokosi pakaliyala ndi malamba a chubu. Pamtsetse wa pafupi ndi munda wa manachesi mbuzi inadumphira mumsewu. Ndinagwira mabuleki, tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, ndipo ndinapezeka ndili m'tchire, njinga ili pamwamba panga. Bokosi silinasweke, ndiye ndinadzitonthoza. Koma nditalinyamula ndinamva kuti m'kati mukulira khochokhocho.

Nditafika kushedi ndinatseka chitseko n'kutsegula. Mayo ine! Nsagwada inali itaduka patatu, m'mphepete mukugwa ufa, ndi kachidutswa kena kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu katagwera pakokha m'thonje.

Chilungamo chake n'chakuti ndinaganiza zobwerera kuphanga kukanena. Ndinafika mpaka pakhomo. Koma m'maganizo ndinaona nkhope yake mmene idzagwere, ndinamvanso mawu anga aja a zitseko zagalasi, ndipo ndinaganiza za anzanga osefa mmene adzandisekere mpaka kumowa. Ndiye mutu wa ukalipentala unayamba kulankhula. Chosweka timamata. Imeneyo ndiyo ntchito yanga kuyambira ndili mnyamata. Fodya sindisuta, mafuta ndilibe m'manja, sopo sindigwiritsa. Ndalakwira pati lamulo? Safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse.

Lamulungu m'mawa ndinauza akazi anga kuti msana ukundipweteka, apite okha kutchalitchi. Atangopotoloka ndinakoleza moto n'kutenthetsa chitini. Fupalo linali lofumbutuka kwambiri moti guluu wolimba sakanagwira, ndiye ndinachita zimene timachita ndi thabwa lofumbwa. Ndinasungunula guluu ndi madzi ofunda mpaka atakhala wamadzimadzi, n'kulinyika fupa lonse, zidutswa zitatu zija, kuti limwe mpaka m'kati. Linamwa ngati munthu waludzu. Litayamba kuuma ndinalumikiza, ndinamanga ndi ulusi mosamala, ndinapukuta wotsalira kunja ndi kansalu konyowa, kenako ndinawaza fumbi la m'phanga limene linali m'pepala lija. Kachidutswa kakang'ono kaja kanakana kulowa pamalo pake. Ndinakakulunga m'kapepala konyezimira kamene ndinang'amba, n'kukaponya m'chitini cha misomali. Kameneka sikanakhudze guluu.

Akazi anga atabwera anaima pakhomo la shedi akununkhiza.

"Msana uja wapola? Mwaphika guluu pa Sabata?"

Ndinati ndimamata mpando.

"Mpando uti?" Anayang'ana pabenchi, anaona bokosi, anaona nkhope yanga. Mayi amenewa sankanamizika. Ndinawauza zonse. Anati, "Abambo, pitani mukanene. Kuswa ndi ngozi, aliyense amaswa. Koma ichi mukuchitachi si ngozi ayi."

Ndinawakalipira kuti za ntchito yanga sazidziwa, akasamale za kudimba. Anangoti, "Mlandu suola," n'kuchoka. Sanayambitsenso nkhaniyi mpaka tsiku limene anamwalira.

Lolemba mayi uja anatsika. Anatsegula bokosi pamaso panga, anavundukula pepala, anayang'ana. Anamwetulira n'kunena kuti, "Yafika bwinobwino. Ndinkadera nkhawa pachabe." Ndipo ine, wopusa ine, mumtima ndinati: waona, ngakhale wa sukulu sanapeze polumikiza.

Panapita miyezi yambiri. Mvula inagwa, tinakolola. Kenako tsiku lina ndinamuona akubwera wapansi kuchokera kumsewu, wopanda magambutsi, ataonda. Anakhala pa benchi yanga, ndinamupatsa manachesi, sanasende. Anatulutsa pepala m'chikwama.

Anati zotsatira zabwera. Iye ankayembekezera zaka zopitirira chikwi kutalitali. Makina anati fupalo ndi la zaka mazana ochepa chabe. Sanakhulupirire, anapempha kuti adule mbali ina ayezenso. Zinabweranso zazing'ono, ndiponso zosagwirizana ndi zoyamba zija. Mphunzitsi wake wamkulu anati yankho ndi limodzi: fupalo si la pansi paja. Mwina linagwera m'una wa nyama, mwina dothi linasakanikirana, ndipo iye pokumba sanaone. Ndiye ngati sanaone zimenezo, nanga zina zonse zimene analemba tizikhulupirire bwanji?

"Ndabwera kudzayang'ananso dzenje lija," anatero. "Mwina ndiona pamene ndinalakwitsa."

Ndinamufunsa kuti kodi palibe china chimene chingachititse fupa lakale kuoneka latsopano.

"Chilipo. Ngati mwalowa chinthu cha chamoyo chimene chafa posachedwa. Zili ngati munthu wathira madzi atsopano mumtsuko muja. Koma amatsuka fupa ndi mankhwala asanayeze, dothi ndi mizu zimachoka. Chimene sangachotse ndi chimene chikufanana ndi kanthu konata ka m'fupa kaja, monga cha nyama inzake. Nanga zimenezo zikanalowa bwanji? Ndinakulunga ndekha."

Chitini cha guluu chinali pansi pa benchi imene anakhalirapo, pafupi ndi chidendene chake. Ng'ombe za ku boma, zophedwa chaka chomwecho, ndinali nditazithira m'ng'ombe ya makolo. Ndinazimvetsa zonse nthawi yomweyo, bwinobwino, kuposa mmene ndinamvetserapo chinthu china chilichonse.

Pamenepo ndiye panali ponena. Ndikanangotsegula pakamwa, akanabwerera ndi yankho, akanakumbanso, dzina lake likanayera. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Pepani achemwali, zimachitika."

Ndinamuperekeza kuphanga. Anakhala tsiku lonse atagwada m'dzenje akufufuza una wa nyama umene kunalibe. Ine ndinkamugwirira tepi yoyezera. Pochoka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pa ntchito yonseyi, chimene sichinandikhumudwitse ndi mabokosi anu okha."

Ndakhala ndi mawu amenewo zaka zonsezi. Ndinali mkulu wa mpingo, ndinkaweruza milandu ya anthu oba nkhuku, ndinkalangiza achinyamata za chilungamo. Ndikatsegula chitini cha misomali kapepala konyezimira kaja kankandiyang'ana. Kutaya ndinkalephera, kukapereka ndinkalephera. Kangapo ndinayamba kulemba kalata, koma adiresi ndinalibe, ndipo kunena zoona sindinaifunefune. Ndinkadzinamiza kuti munthu wa sukulu ngati uja sangagwe ndi fupa limodzi, pano ali kunja akuyendetsa galimoto.

Akazi anga atamwalira ndinasamukira ku boma, n'kutsegula kashedi kuseri kwa msika. Zaka zinali zitapitirira makumi awiri. Tsiku lina m'mawa ndikuphika guluu panja, kunabwera mayi wina wa imvi za apo ndi apo, atanyamula mpando wothyoka mwendo. Anauika pansi, anandiyang'anitsitsa, kenako anaseka. Kuseka kuja sikunasinthe.

"Amisiri! Mudakali moyo?"

Ndinamupatsa pokhala. Anandiuza kuti tsopano ndi mphunzitsi, amutumiza kumene ku sekondale ina ya kufupi konkuno, amaphunzitsa mbiri yakale. Ndinafunsa za kukumba. Anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche. Anati digiri ija anamaliza movutikira ndi mapale okha, koma palibe anamuitananso, ndipo iyenso sanapemphe. "Ndinaona kuti maso anga si a ntchito imene ija. Munthu amene sangaone una wa nyama m'dothi asamawononge mapanga a anthu."

Mphepo inatembenuka, utsi wa chitini unamupeza. Anatseka mphuno.

"Ii, amisiri, n'chiyani chimenechi?"

Ndikanatha kunena kuti ndi mankhwala a chiswe. Koma ndinali nditatopa. Ndinati, "Ndi guluu, achemwali. Ndimaphika ndekha. Zikopa ndi ziboda za ng'ombe."

Anati eya, n'kuyang'ana kumbali. Kenako ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Anayang'ana chitini, anayang'ana manja anga.

"Amisiri," anatero motsitsa, "njinga ija inafika bwino?"

Ndinagwada, nkhalamba ine, m'utuchi momwemo. Ndinanena zonse: mbuzi, mchenga, zidutswa zitatu, msana wabodza, guluu wamadzimadzi, fumbi lowaza pamwamba. Ndinanenanso kuti tsiku limene anabwera ndi pepala lija ndinamvetsa, ndipo ndinasankha kukhala chete. Sanandidule mawu. Sanalire, sanatukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Nditamaliza anati, "Inaduka pati?"

Ndinajambula nsagwada pa thabwa ndi pensulo, n'kulemba mizere iwiri.

"Anthu atatu anaiyang'ana ndi galasi lokulitsa," anatero. "Palibe anaona."

Ndipo apa ndinene chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Atanena mawu amenewo, munthu amene ndinamuwonongera ntchito ya moyo wake ali patsogolo panga, kamtima kanga kanadumpha ndi chimwemwe. Kanthawi kochepa chabe, koma kanadumpha. Anthu atatu a kunja, ndi galasi! Ndinadzida nthawi yomweyo, ndipo ndikudzidabe.

Ndinalowa m'shedi n'kukhuthula chitini cha misomali pa benchi. Kapepala kaja kanali katada ndi dzimbiri. Ndinakamasula n'kumuikira kachidutswa kaja m'dzanja.

"Aka sikanakhudze guluu. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Tumizani kunja, ayeze. Mwina tibwererenso kuphanga, masefa ndikupangirani ena."

Anakayang'ana, anakatembenuza ndi chala. Anati kuphangako anapitako mwezi watha, atangofika ku Mwanza. Ofuna golide aja anakumbamo titachoka, anatembenuza dothi lonse mpaka pa thanthwe, palibe chimene chinatsala pamalo pake. "Ndipo aka," anatero, "kalibe kapepala konena kumene kanachokera. Kakhala zaka makumi awiri m'shedi ya munthu wophika guluu wa ng'ombe. Ndikawauza kuti chiyani? Kuti kalipentala walumbira?"

Ndinati, "Koma inu mukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirirani. Paja ndinakukhulupiriraninso poyamba."

Anaimirira, anakung'untha utuchi pa siketi yake. Ndinkaganiza kuti akupita. Koma anaima pamenepo, atafumbata kafupako, ndipo atalankhulanso mawu ake anali ngati a mtsikana uja wa magambutsi.

"Ndiye kuti munalibe una wa nyama?"

"Munalibe, achemwali."

"Dothi silinasakanikirane?"

"Silinasakanikirane. Ndinali pomwepo, ndinkasefa ndine."

"Ndiye kuti ndinakumba bwino."

"Munakumba bwino, achemwali."

Apa ndiye misozi inatsika. Sanaipukute. Anamanga kafupa kaja pa ngodya ya mpango wake, mfundo ziwiri, n'kulowa njira ya kumsika osatsanzika.

Mpando wake ndinaukonza tsiku lomwelo, ndi zikhomo zamtengo, polumikiza pake pakuonekera kwa aliyense. Uli pakona m'shedi muno. Papita mvula zitatu, sanabwere kudzautenga.